Adzakugwira Ndani pa Jakisoni Wachinayi?

Msika wa Lilongwe,
Loweruka masana.

Limbani, mwana wa mlongo wanga,

Ndine Fatsani, malume ako. Ndayamba ndi dzina langa chifukwa podzafika tsiku loti uwerenge wekha kalatayi, mwina udzakhala utazolowera kunditchula kuti mnyamata uja wa ku Area 4. Lero sunakwanitse zaka ziwiri, ndipo pepala ukalipeza umalitafuna. Choncho oyamba kuwerenga akhala amayi ako. Achemwali a Tadala, ndikudziwa kuti mukuwerenga. Werengani ndithu, koma musaseke, ndipo mukamaliza mumusungire mwini wake.

Ndakhala kuseri kwa benchi ya agogo ako a Nabanda, pansi pa zitenje zolendewera, pamene ndimakhala Loweruka lililonse kuyang'anira katundu. Mawa tikatuluka m'tchalitchi, galimoto ya bambo ako ibwera kudzakutengani, iwe ndi amayi ako, kupita nanu ku Area 10. Akuti kumeneko nyumba ili mumpanda, mawindo ndi otchinga ndi waya woletsa udzudzu, ndipo uli ndi chipinda chakochako chopaka utoto wa buluu. Ine ndili Fomu 3 ndipo ndimagonabe pabalaza, pa matiresi amene timaimika kuseri kwa chitseko kukacha. Sindikubisa, nsanje ikundipweteka. Ndikuchitira nsanje iwe, ndikuchitira nsanje bambo ako, ngakhale mlonda wa pageti pawo ndikumuchitira nsanje, chifukwa iye azikuona tsiku ndi tsiku osachita kukwera minibasi.

Koma nsanje sichotsa umalume. Pa chinkhoswe cha amayi ako anakatenga agogo ena kumudzi kuti adzakhale pampando wa mwini mbumba, ine n'kundipatsa ntchito yonyamula mipando. Ndinamva azakhali ena akuti, "Malume ake a mwana ndi kameneka? Kasiyeni kazinyamula makreti." Analankhulira kumanja kwanga, ku khutu limene limamva. Zilibe kanthu. Amayi ako alibe mlongo wina koma ine ndekha. Kwathu mwana akamachoka pakhomo malume ake amamulangiza, ndiye khala pansi umve, ngakhale malumewo sanayambe kumeta ndevu.

Nkhani yanga ndi imodzi, jakisoni wachinayi wa katemera wa malungo. Atatu unabayidwa uli wakhanda. Wachinayi watsala, ndipo anamwino anati ukabayidwe ukamayandikira zaka ziwiri, kutanthauza kuti mvula ikubwerayi ikamayamba. Pa atatu onse aja amene anakugwira ndine. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ku Area 10 adzakugwira ndani.

Amayi ako amaopa singano. Sindikuwanyoza, ndi mmene analengedwera. Nkhuku amapha okha, kondakitala amakangana naye mpaka minibasi yonse kuti zii, koma akangoona anamwino akutsegula kabokosi kozizira kosungiramo katemera, amafuna pothawira. Tsiku loyamba ndinangowaperekeza kuti ndinyamule chikwama cha matewera. Mzere utafika pa ife, anangokuika m'manja mwanga.

"Gwira, Fatsani, ine ndikayankhe foni."

"Foni yake iti? Sinalire."

"Wamva bwanji iwe kuti sinalire, ndi khutu lakolo?"

Anatuluka osacheuka. Anamwino, mayi wojintcha wa magalasi olendewera pachingwe, anayang'ana yunifolomu yanga nati, "Bambo wa mwana ndiwe?" Azimayi onse pamzere anafa nacho chiseko. Ndinati, "Ndine malume ake." Iwo sanaseke. Anati, "Ndiye a malume, khalani apa. Mapazi ake muwapane ndi mawondo anu, dzanja ili ligwire timanja take, nkhope yake iyang'ane kwa inu." Ndi mmene ndinaphunzirira ntchito yanga. Nkhope yako iyang'ane kwa ine. Kuyambira tsiku limenelo, singano ikamalowa, chimene unkaona ndi nkhope yanga.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinalakwitsa. Thupi lako linatentha, pobayapo panatupa pang'ono, ndipo unkangolira. Ine ndinathamanga kuchokera kunyumba mpaka kumsika kuno ndikukuwa kuti, "Amayi, katemera uja wamupatsa mwana malungo!" Ndinakuwa pagulu, ndipo mumsika mawu sagwa pansi. Dzuwa lisanalowe mzere wonse wa zitenje unali utamva kuti mdzukulu wa a Nabanda wadwala ndi jakisoni watsopano. Mayi wina wogulitsa mipango anati, "Ndinanena ine. Musakabwererekonso kumeneko." M'mawa mwake thupi linazizira, iwe n'kumaseka ukutafuna chala cha kuphazi, koma mawu anga anali atapita kale kutali. Agogo ako anati wachiwiri sitipitanso. Ndiye ndikuweruka kusukulu ndinapita ndekha kukafunsa anamwino aja.

"A malume," anatero, "m'botolo muja mulibe kachilombo kamoyo. Muli kachidutswa chabe kofanana ndi khungu la kachilombo ka malungo, ndipo sikangadwalitse mwana malungo. Thupi likaona chachilendo limaitana asilikali ake, onse amathamangira pamalopo kukachiona bwinobwino. N'chifukwa chake pamatupa, n'chifukwa chake thupi limafunda. Kodi inu mukamaphunzira samu yatsopano mutu suwawa?"

"Umawawa."

"Ndiye mumasiya sukulu?"

Anawonjeza kuti kutenthako kukapitirira, kapena mwana akamasanza, akamakana kuyamwa kapena akakomoka, tisakhale pansi n'kumati ndi katemera, tithamange naye akamuyeze. Ndinabwera kudzawafotokozera agogo ako, ndipo anavomera monyinyirika. Koma imva izi, Limbani. Mawu anga aja sanafe. Anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anakafika kwa agogo ako ena, amayi a bambo ako, amene ukukakhala nawo nyumba imodzi. Pa chinkhoswe ndinawaona milomo akuuza amayi ako kuti, "Mwanayu majakisoni aja anamudwalitsa, basi zikwane." Bodza limenelo ndinalibala ndine, ndipo likukudikira ku Area 10. Ukadzakula usamathamange ndi mawu amene sunawamvetse. Inu achemwali, apongozi anu akadzayambanso nkhaniyi, mudzawauze mwaulemu kuti amene anaiyambitsa anabweza mawu ake.

Tsiku lomwe ndinakafunsa lija, ndisanatuluke, ndinafunsanso china. Ndinati, "Nanga ine simungandibaye?" Anamwino anavula magalasi. "Uyu ndi wa ana aang'ono, a malume. Inu thupi lanu linaphunzira kale." Zoona linaphunzira, ndipo ndikuuze mmene linaphunzirira.

Ndili Sitandade 1, agogo ako anandilonjeza kuti Loweruka tidzakwera minibasi kukaona nyumba zazitali za ku City Centre. Ndinali ndisanapiteko. Masiku angapo Lowerukalo lisanafike ndinayamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Ndinadziwa kuti ndikanena, ulendo walephereka. Ndinkakhala padzuwa kuseri kwa bafa kuti asandione ndikunjenjemera, ndipo akandifunsa ndinkati ndili bwino. Za ku City Centre sindinazione. Ndinadzidzimuka ndili m'chipatala, botolo la madzi likulendewera pamwamba panga, amayi ako, amene anali kamtsikana nthawi imeneyo, akundiitana. Ndinkaona pakamwa pawo pakuyenda, koma mawu ankabwera ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Anali malungo a mu ubongo. Khutu lakumanzere silinatsegukenso. Madokotala sananene motsimikiza ngati analitseka ndi matendawo kapena mankhwala amphamvu amene anandipulumutsa. Kuyambira pamenepo anzanga amanditcha Gonthi, ndipo pagulu la anthu ambiri ndimasokonezeka, n'chifukwa chake ndimakonda kukhala ndekha n'kumayang'ana milomo ndi nkhope za anthu.

Ndadwalanso malungo kambirimbiri chichokereni apo, ndipo masiku ano akandigwira sandigwetsa ngati kale. Thupi langa linaphunzira malungo kwa malungo enieniwo, ndipo fizi yake inali khutu. Lako linaphunzira ndi kachidutswa ka m'botolo, fizi yake kulira pang'ono ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi. Ukuona chifukwa chake nthawi zina ndimakuyang'ana nthawi yaitali osalankhula? Amayi ako amati ndikukulodza ndi maso. Ndimakhala ndikuganiza kuti ndikanabadwa nthawi yako, bwenzi ndili ndi makutu awiri, bwenzi ndikusewera mpira ndi anzanga m'malo mokhala kuseri kwa zitenje. Si mlandu wako. Koma ukadzamva kuzizira dzuwa lili pamutu, udzanene pomwepo, ngakhale mawa lake kukhale ulendo wa pandege.

Agogo ako angondikuwira kumene kuti, "Fatsani, ukulemba mayeso pamenepo? Maso pa katundu!" Ndayankha kuti maso alipo. Ndipo poti atchula za maso, ndikufotokozere katemerayu mmene ine ndinamumvetsera. Aphunzitsi a Bayoloje anatiphunzitsa za chitetezo cha m'thupi, ndinawafunsa mafunso mpaka anzanga anayamba kung'ung'udza, koma ndinadzamvetsa bwino nditakhala pompano.

Wakuba mumsika muno akatsomphola chinthu amathamangira kumtsinje. Akangowoloka timilatho ta mitengo tija n'kulowa pakati pa ogulitsa kaunjika kutsidya, amavula malaya n'kuvala ena, basi watayika. Ngati agwidwe, agwidwe asanafike pamlatho. Malungonso ndi chimodzimodzi. Udzudzu ukakuluma umasiya tizilombo m'thupi, ndipo timathamangira kuchiwindi. Ulendowo ndi waufupi kwambiri. Tikalowa m'chiwindi timabisala, n'kumaswana mwakachetechete munthu ali bwinobwino, kenako timatuluka tambirimbiri kulowa m'magazi titavala malaya ena. Apo m'pamene munthu amayamba kunjenjemera. Katemera wako anaonetsa thupi lako malaya oyamba aja. Asilikali ako atawaona anapanga tizida timene aphunzitsi amati maantibodi, timene timayandama m'magazi kudikira. Kachilombo kakangolowa, timakamatirira pamalaya, kamalephera kuyenda, asilikali ena n'kubwera kudzakameza. Jakisoni woyamba anali kuwaonetsa malayawo. Wachiwiri ndi wachitatu kunali kuwabwerezera kuti awadziwitsitse ndi kupanga zida zambiri zomata bwino. Ukubadwa unali ndi zida zobwereka kwa amayi ako, koma zobwereka sizikhalitsa, n'chifukwa chake anayamba kukubaya zitayamba kutha.

Koma pamlatho sagwidwa onse. Ichi ndinachiiwala, ndipo ndi kulakwitsa kwanga kumene kumandichititsa manyazi mpaka lero, ngakhale kuti pakhomo aliyense akukudziwa. Sabata ya chinkhoswe kunabwera alendo ambiri ochokera kumudzi. Kwathu mlendo sagona movutika mwini nyumba ali pabwino, ndiye tinawapatsa mabedi, mabulangeti, ndi maneti onse amene analipo. Inatsala yako yokha, ndipo agogo aja a pampando wa mwini mbumba analibe. Agogo ako anaima pakhomo la chipinda akukayika. Ine, pofuna kuti anthu amene ankandinyamulitsa mipando adziwe kuti kasukulu ndili nako, ndinalankhula mokweza. "Tengani ya Limbani. Iyeyu ali ndi katemera, malungo samugwira." Agogo akumudziwo anagwedeza mutu nati, "Koma ana a m'tauni, nzeru!" Ndinagona wokondwa. Alendo anakhalitsa monga mmene alendo a kumudzi amachitira, iwe ukugona pamtunda.

Atapita, sipanatenge nthawi, unayamba kutentha thupi. Kuchipatala anakubaya chala, amene anagwira chalacho ndine, ndipo pa kachoyezera paja panatuluka mizere iwiri. Anamwino anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A malume, neti ili kuti?" Ndinaulula kuti tinaipereka kwa alendo. Anati katemera amachepetsa malungo, makamaka aakulu aja opha ana, koma sawatsekera khomo lonse. Unamwa mankhwala kunyumba, ndipo sabata isanathe unali ukukoka mchira wa mphaka wa aneba. Sindingalumbire kuti katemera ndiye anakupeputsira, sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti utachira ndinkakuzembera kumbuyo n'kuwomba m'manja pafupi ndi khutu lako lakumanzere. Unkatembenuka. Ndinkawombanso mawa lake, unkatembenukanso n'kuseka. Ndinkasangalala ndi mtima wonse, koma pansi pa chisangalalocho pankakhala kanthu kena kowawa, kofunsa kuti nanga ine ndinalakwa chiyani.

Ndiye ugone m'neti, Limbani. Achemwali, ndikunena ndi inu. Alendo akabwera ku Area 10 apatseni bedi, apatseni bulangeti, apatseni ngakhale chipinda cha buluu, koma neti ya mwana ayi. Musanamizidwe ndi waya wa m'mawindo. Zitseko zimatsegulidwa, maluwa amathiriridwa tsiku lililonse, madzi amadikha m'miphika ya maluwayo, ndipo udzudzu sudziwa kuwerenga manambala a ma Area.

Tsopano za wachinayi. Panali mnyamata wina wa jekete yofiira, wa chipsera pachibwano, amene anaba chitenje pabenchi yoyandikana nafe. Anthu anamuona bwino. Anayesanso kubwera kawiri, ndipo nthawi zonse asanafike n'komwe pamzere wathu, mluzu unali utalira kale, azimayi ataimirira, Che Saidi atelala atatuluka ndi sizasi m'manja. Anasiya kubwera. Miyezi inadutsa, chaka chinatha, anthu anayamba kukamba zina. Tsiku lina ndili ndekha pabenchi panafika kasitomala, ndinamupatsa chitenje kuti achikhudze, ndinatembenuka kuti nditsitse china chimene analoza, pocheuka palibe munthu, chitenje chapita naye. Jekete yake inali yofiira yomwe ija. Ine amene ndimadzitama kuti sindiiwala nkhope! Che Saidi anadzuka pamakina nati, "Kodi si uja wachipsera?" Anakumbukira ndithu, nanenso ndinakumbukira, koma tinakumbukira munthu atawoloka kale mlatho.

Aphunzitsi anati m'thupi zimateronso. Zida zija zimachepa m'magazi miyezi ikamapita. Alipo asilikali ena osunga chikumbukiro amene saiwaliratu, koma kuti adzuke n'kuyambanso kupanga zida pamatenga masiku, pamene kachilombo sikachedwa kufika kuchiwindi. Pa malungo kukumbukira mochedwa n'chimodzimodzi kuiwala. Pafunika zida zikhale zambiri, zili chire, tsiku limene udzudzu ukuluma. Jakisoni wachinayi ndiye amakweza jekete yofiira ija m'mwamba kuti mzere wonse uionenso. Atatu aja ayamba kuzilala m'thupi mwako pamene ndikulemba pano, ndipo mvula ikubwera ndi udzudzu wake. Usadzalole munthu akuuze kuti atatu akwana.

Mwina ukufunsa kuti ndikudandauliranji, ngati kuti ku Area 10 kulibe anthu. Ndikudandaula chifukwa ndinayesapo kale kudzichotsa, ndipo ndinaona chimene chinachitika. Utachira malungo aja unayamba kundithawa. Ndikatambasula manja unkabisa nkhope m'chitenje cha amayi ako. Unali utandigwirizanitsa ndi singano. Nthawi yomweyo bambo ako anayamba kubwera pafupipafupi, Lamlungu lililonse, ndi yogati ndi mabisiketi m'jumbo. Galimoto ikangolira panja unkathamanga ukugwa n'kudzuka. Ine amene ndinkachapa matewera ako madzi atavuta, amene ndinakuphunzitsa kuima utagwira mwendo wa tebulo, ndinkatsala pakhonde ndi buku la Jogalafe lotsegula osawerenga. Ndiye tsiku lina amayi ako anati:

"Fatsani, mawa ndi sikelo. Akabayidwa wa chikuku wachiwiri."

"Auzeni bambo ake."

"Ali ndi mitingi ku City Centre."

"Tsiku la mabisiketi mitingi sikhalapo?"

"Iwe, nsanje idzakupha usanalembe Fomu 4."

"Indiphe. Ine mawa ndili ndi Fizikisi."

Ndinapitadi kusukulu. Amayi ako anakubereka, anayenda mpaka pageti la chipatala, anamva ana akulira m'katimo, anatembenuka, anakugulira mandasi, n'kubwerera kunyumba. Bambo ako anati adzakutenga okha sabata yamawa. Sabata yamawa inabala sabata ina. Palibe anakana, palibe anakangana, tsikulo linkangosuntha lokha. Ine ndinkaona zonsezi ndili chete, ndikudikira kuti wina abwere adzandipemphe. Palibe anabwera. Mpaka tinamva kuti mwana wa nyumba yakuseri watuluka zidzolo thupi lonse ndipo maso afiira. M'mawa mwake ndinakunyamula osatsanzika munthu. Anamwino anatsegula kabuku kako, anandiyang'ana, nati, "A malume, munali kuti?" Ndikanati chiyani, kuti ndimalimbana ndi yogati?

Phunziro lake utenge wekha ukadzakula: ukakwiyira akuluakulu, usamalange mwana. Koma phunziro limene ndinatengapo ine ndi lina. Ndikapanda kupita ine, sipapita munthu.

Lamlungu lapitali ndinalimba mtima n'kuwatsatira bambo ako kugalimoto. Ndinati, "Alamu, pali jakisoni wachinayi uja."

Anayankha ali kumanzere kwanga, ndiye ndinazungulira kuti abwereze.

"Ndati osadandaula, mfana. Kumene kuja tili ndi dokotala wathu wapulaiveti."

"Amabaya wa malungo?"

"Tidzafunsa."

"Adzamugwira ndani?"

Anaseka, nandisisita m'mutu ngati ndine iwe. "Anamwino alipo ambiri, a malume. Iwe limbikira sukulu."

Bambo ako si munthu woipa. Ndikanakonda akanakhala woipa, nsanje yanga ikanapeza pokhala. Amakukonda, amawakonda amayi ako, anandigulirapo nsapato za sukulu ine osapempha. Uziwamvera ndi kuwalemekeza. Koma sanakuonepo singano ikulowa, sadziwa kuti umayamba wakhala chete kaye, kukoka mpweya, kenako n'kuphulika. Sadziwa kuti mwendo wako wakumanja ndi umene umaponya. Kwa iwo wachinayi ndi kanthu kena pakati pa mitingi ndi mitingi. Amayi ako adzafika pageti n'kukugulira mandasi. Agogo ako atsopano adzati mwana ali bwinobwino, mukumuvutitsiranji. Onsewo amakukonda, ndipo tsikulo lidzangosuntha lokha mpaka mvula idzatha.

Ndiye ndaganiza chonchi, ndipo sindikupempha, ndikunena ngati malume. Tsiku limene anamwino analemba m'kabuku kako ndikulidziwa pamtima. M'mawa wa tsikulo ndidzavala yunifolomu, ndidzakwera minibasi kudepoti, ndidzatsika pamene amatsikira antchito a m'nyumba za kumeneko, ndidzayenda pansi mpaka pageti panu. Aphunzitsi ndawauza kale, anati ndidzakopere notsi kwa anzanga. Achemwali, mumuuziretu mlonda dzina langa, ndipo mumuuze kuti akamandilankhula aime kumanja, angadzayese ndikumuderera n'kundibweza ngati wogulitsa nthochi. Inu simudzalowa n'komwe m'chipinda cha singano. Mudzaime panja muyankhe foni yanu yosalira ija. Apongozi anu akadzafunsa kuti walamula ndani, mudzati mwini mbumba. Akadzaseka, asekere, bola mwana ndamutenga.

Ndikudziwa chimene chidzachitike, Limbani. Pofika tsikulo udzakhala utazolowera chipinda cha buluu ndi kapinga wothirira. Panopa umanditcha "Ume" chifukwa lilime silinafike pa malume, koma miyezi iwiri kwa mwana ndi kale kwambiri. Mwina udzandiyang'ana pageti paja mmene ine ndinamuyang'anira wa jekete yofiira, ngati munthu amene unamuonapo penapake. Kenako tidzakhala pamzere, anamwino adzati, "A malume, mwabwera," ndidzakupana mapazi ndi mawondo, dzanja ili lidzagwira timanja tako, nkhope yako idzayang'ana kwa ine. Apo udzandikumbukira bwinobwino. Udzandithawanso kwa masiku, udzathamangira kwa bambo ako, adzakupatsa yogati, ndipo ine ndidzabwerera ku Area 4 ndekha nsanje ikundidya njira yonse. Ndavomera. Mabisiketi akhale a bambo ako, singano ikhale yanga. Udane nane uli ndi makutu ako onse awiri.

Agogo ako ayamba kupinda zitenje, ndiyenera kukathandiza. Mawa galimoto ikamanyamuka usadzandifunefune, ndidzakhala kuseri kwa nyumba, sindifuna alamu adzaone nkhope yanga. Neti yako ndaichapa, ndasoka pamene panang'ambika, ndaiika pamwamba penipeni m'chikwama chako kuti ikhale yoyamba kutuluka. Ugonemo kuyambira mawa lomwelo. Ukamva kuzizira unene. Wachinayi usamuphonye.

Ndipo tsikulo ndidzakunyamulira mbali ya kumanja. Ukadzalira, udzalirire m'khutu limenelo, ndidzamve.

Ndine malume ako,
Fatsani.